Chitseko Chokhomedwa Kunja

Anandilanda lumo, lamba, machesi ndi kiyi wa chitseko. Amene anandilanda ndi mlongo wanga weniweni, ba Agnes, amene akhala kumbuyo uko atapinda manja. Musawayang'ane choncho. Anachita zimenezo chifukwa chondikonda, ndipo chikondi chimenecho chinatsala pang'ono kundimaliza.

Ndine Vincent Daka wa ku Katondo, kuno ku Kabwe. Sindikonda kuyankhula pagulu, ndiye musayembekezere nyimbo kapena misozi. Andipempha kuti ndinene mawu chifukwa Madamu Sakala, amene anayambitsa gulu lathu lino la Loweruka muno mu Ngungu, apuma ntchito chaka chino. Ambiri a inu mumawadziwa ngati mayi uja wa nsapato zafumbi amene amabwera ndi ophunzira ovala zoyera. Ine ndinawadziwa kale. Anali mphunzitsi wanga ku koleji ku Lusaka, ndisanathamangitsidwe.

Ndinkaphunzira ntchito imene timangoti OT. Ndi ntchito yothandiza wodwala kubwerera ku zochita za tsiku ndi tsiku: kusamba, kuphika, kugwira ntchito, kukhala ndi anzake. Madamu ankaphunzitsa mbali ya matenda a maganizo. Ntchitoyi sindinaisankhe ndi mtima wonse. Ndinkafuna udokotala, magiredi sanakwane. Bambo anga, amene anakalambira pa ntchito ya njanji, ankauza anzawo kutchalitchi kuti mwana wawo akuphunzira zachipatala, n'kuthera pomwepo, chifukwa zotsalazo sankazimvetsa. Nanenso sindinkazimvetsa. Titangoyamba, Madamu anatilowetsa m'khitchini ya koleji, natiuza kuti aliyense afotokoze zonse zimene munthu amachita popanga tiyi. Ndinakweza dzanja.

"Madamu, tinalipira fizi kuti tiphunzire kupanga tiyi?"

Kilasi yonse inaseka. Iwo sanaseke.

"Daka, pali anthu amene kapu imeneyi ndi phiri kwa iwo. Khala pansi."

Chaka chachiwiri bambo anamwalira. Ndinabwera, tinaika maliro, ndinabwerera ku Lusaka, ndipo aliyense anati mnyamatayu ndi wolimba mtima. Sindinali wolimba. Tulo tinathawa. Ndinayamba kumwa kuti ndigone, kenako ndinkamwa kuti ndidzuke. Mayeso ndinalephera. Nthawi yokaphunzira ntchito kuchipatala ndinafika ndikununkha mowa, sisitala wa pa wodi anandibweza pakhomo. Anandichenjeza, ndinalonjeza, ndinabwereza. Anandichotsa. Madamu anandiitanitsa ku ofesi yawo, sindinapite. Ndinanyamula chikwama n'kukwera basi ya ku Kabwe.

Kuno ndinapeza anzanga atsopano ku Kamushanga, kumene kachasu safunsa satifiketi. Ndinagulitsa wailesi ya bambo, jekete lawo la ku njanji, mabuku anga. Pa foni ndinkaona anzanga a m'kilasi atavala zoyera, akumwetulira. Ndinagulitsanso foniyo. Kenako ngakhale mowa unasiya kukoma. Ndinangogona. Tsiku lina masana ndinaganiza zochoka padziko, ndipo ndinayesa. Sindifotokoza zambiri, sizithandiza aliyense muno. Ba Agnes anaweruka msanga kumsika chifukwa cha mvula, anandipeza, anakuwa, anthu anandinyamula. Ndinagonekedwa pa wodi ya odwala maganizo. Anandipatsa mankhwala, ndipo ndinene poyera kuti anathandiza, ndimamwabe mpaka lero. Wina akakuuzani kuti musiye mankhwala chifukwa mwayamba kupemphera kapena kugwira ntchito, muthamangitseni.

Nditatuluka ndinapeza nyumba itasintha. Mipeni inali m'sutikesi yokhoma. Chingwe choyanikira zovala chinali chitachotsedwa. Ba Agnes amagulitsa salaula pamsika wa Katondo, zovala zakale zija zobwera m'mabelo, ndipo sakanasiya ntchito chifukwa ndi imene inkatidyetsa. Ndiye m'mawa ankandiikira phala patebulo, madzi osamba m'bafa, zovala pabedi, n'kukhoma chitseko kunja ndi loko. Masana ankathamanga kudzaona ngati ndikupuma. Ndikagwira tsache, "Siya, Vin, upumule." Ndikatola mbale, "Siya, nizasuka." Nyama ankandidulira ngati mwana. Ankayankhula nane motsitsa mawu, ngati m'nyumba mwagona maliro. Achibale akabwera ankafunsa iwo, ine ndili pomwepo: "Akudya bwino? Akugona?" Ndevu zinakula. A ku Kamushanga sanabwere. A kutchalitchi anabwera, anapemphera, anapita. Ana a pa mzere wathu ankadutsa pawindo mothamanga, akuuzana kuti m'nyumba iyo muli wofunta.

Inu amene munakhalapo m'chipinda chotero mukudziwa kutalika kwa tsiku. Ndinkakhala pawindo la zitsulo n'kumayang'ana mthunzi wa mtengo wa mango ukusuntha pabwalo. Ndinkamva makondakitala akuitanira anthu opita m'tauni, ndinkamva sitima ya katundu ikudutsa patali. Aliyense anali ndi kopita. Ine ndinkadikira masana, akafika ndinkadikira madzulo. Munthu akakhala wopanda chochita, mutu umadzipezera ntchito, ndipo ntchito yake ndi kukuzenga mlandu. Maganizo aja anayamba kubwerera. Sindinauze munthu, chifukwa ndinkadziwa kuti akamva awonjezera loko wachiwiri.

M'mawa wina, nyengo yozizira, ndinamva "Odi!" Wina anagwedeza loko. Kenako mapazi anazungulira nyumba mpaka pawindo langa. Anali Madamu Sakala, kumbuyo kwawo ophunzira awiri ovala zoyera. Chaka chilichonse ankabweretsa a chaka chomaliza ku Kabwe kuti aziyendera m'makomo odwala amene atuluka m'chipatala, ndipo dzina langa analipeza kumeneko. Mmodzi wa awiriwo anali Mutale, amene ankakopera ntchito zanga chaka choyamba. Ataona nkhope yanga kuseri kwa zitsulo, anayang'ana nsapato zake.

"Inu awiri, kadikireni kumsewu," anatero Madamu osatembenuka. Atapita, anayandikira. "Daka."

"Mwabwera kuonetsa anzanga chitsanzo?"

"Ndabwera kukuona. Dzulo unachita chiyani kuyambira pamene unadzuka?"

Ndinaseka moipa. Funso limenelo ndinkalidziwa. Ndi loyamba limene amaphunzitsa kufunsa wodwala. Suyamba ndi zakuti mukumva bwanji mumtima, umayamba ndi tsiku la munthuyo.

"Musandiyese phunziro, Madamu. Ine ndinachotsedwa."

"Ndikudziwa, ndinalipo. Yankha."

"Ndinadzuka."

"Kenako?"

"Ndinadya."

"Anaphika ndani?"

"Ba sisi."

"Mbale anatsuka ndani?"

"Ba sisi."

"Malaya wavalawo unasankha wekha?"

Ndinayang'ana malayawo. Anayang'ana manja anga atagwira zitsulo. Zala zinali zofewa ngati za khanda, zikhadabo zazitali chifukwa chowengera nachonso chinali m'sutikesi.

"Ukuganizabe zodzipha?"

Anafunsa choncho, mosazungulira, ngati akufunsa mtengo wa tomato. Palibe anali atandifunsa. Aliyense ankaopa mawuwo ngati kuti kuwatchula ndi kuwaitana.

"Nthawi zina."

"Lero?"

"Lero ayi."

"Zikomo pondiuza zoona. Ndiwauza adokotala ako, ndipo ndiwauza achemwali ako iwe uli pomwepo. Msika uli mbali iti?"

Anapita wapansi, anabwerera ndi ba Agnes, amene anali akupuma mwamphamvu ndi mkwiyo chifukwa anasiya katundu ndi mnzawo. Loko anatsegulidwa. Tinakhala pabalaza, ndipo Madamu ananena zonse zimene ndinawauza. Kenako anati mnyamatayu akufunika ntchito m'manja. Ba Agnes anaimirira.

"Ba Madamu, na ulemu wonse, imwe simunaliko. Nine n'namupeza. Nine n'nanyamula mutu wake pa miyendo yanga. Manje mwamvela mweka kuti akali kuganiza, ndiye mufuna nimupase mpeni?"

"Ayi. Mpeni usungeni. Mankhwala muzisunga inu, muzimupatsa inu. Munapulumutsa moyo wake, palibe angakutsutseni. Khalani pansi, mayi, ndikuuzeni za munthu wina."

Anatiuza kuti anayamba ntchito ngati nesi wamng'ono pa wodi ya amuna. Masiku amenewo odwala ankawadzutsa, kuwasambitsa, kuwamwetsa mankhwala, n'kuwakhazika padzuwa mpaka nthawi ya chakudya. Panali bambo wina amene sankayankhula. Tsiku lonse ankasolola ulusi m'bulangete lake n'kumaukulunga pachala. Manesi ankamulanda bulangetelo n'kunena kuti matenda akula. Tsiku lina mkazi wake anabwera kudzamuona, ndipo pocheza anati amuna awo ndi telala. Mawa lake Madamu anabwera ndi singano ndi ulusi m'thumba, nakhala pambali pake osachokapo. Bamboyo anayang'ana singano, anayang'ana yunifolomu ya Madamu, anagwira mpendero wake n'kuyamba kusoka pamene panali patasomboka. Atamaliza anati amene anasoka diresi limeneli sadziwa ntchito.

"Manja ake ankafunafuna ntchito yake," anatero Madamu, "ife tinkati ndi misala."

Zotsatira zake sananene tsiku limenelo, ndinazimva pang'onopang'ono pambuyo pake. Chifukwa cha telala uja anasiya unesi. Anapita kunja kwa dziko kukaphunzira OT, ana awo aang'ono atawasiya ndi amayi awo. Pobwerako banja linali litatha. Anapatsidwa kachipinda kumapeto kwa chipatala, ndipo anzawo ena ankakatcha kwa oluka madengu. Anagwira okha zaka zambiri, akupempha zidutswa za nsalu ndi matabwa otsala. Kenako anaona kuti munthu mmodzi sangafike m'nyumba zonse zokhoma, ndiye anayamba kuphunzitsa ena. Ophunzira ambiri amathawa mbali ya maganizo, amakonda za mafupa ndi sitiroko, kumene wodwala amachira moonekera n'kukuthokoza. Madamu anakakamira mbali yomwe ilibe zikomo. Anakangana ndi akuluakulu kuti ophunzira asamathere pa wodi, azilowa m'makomboni kukaona zimene zimachitika munthu akatuluka. Ndi mkangano umenewo umene unawafikitsa pawindo langa.

Ba Agnes anamvetsera nkhani ya telala ali chiimire, kenako anati, "Uyu si telala. Alibe nchito imene aziba."

"Inu muli nayo. Belo likafika, amapatula zovala ndani?"

"Nine."

"Amapinda ndani? Amasita ndani?"

"Nine, usiku, nikasiliza kuphika."

"Ndiye m'nyumba muno muli munthu mmodzi wofa ndi ntchito, ndi wina wofa ndi kusowa kwake."

Mawa lake ndinapeza thumba lalikulu pakati pa chipinda. Ndipatule za amuna, za akazi, za ana ndi zong'ambika, ndipinde. Basi. Mopanda chitsulo, mopanda moto. Madamu atabweranso analipeza lili chimangire.

"Ndinafika chaka chachiwiri pa koleji," ndinawauza. "Manje ndizipinda makabudula a anthu?"

"Ukudziwa chimene ndikuchita. Ndikuyamba ndi ntchito yaing'ono kuti ndizikweza pang'onopang'ono. Unalembapo mayeso ake, ndipo unakhoza bwino kuposa Mutale. Kudziwako kwakudzutsa pabedi?"

"Sindikufuna."

"Sindinafunse ngati ukufuna. Kufuna kumabwera mochedwa ngati sitima ya katundu. Yamba, kudzakupeza."

Ndinawada tsiku limenelo. Sindinatsegule thumbalo chifukwa cha mawu awo. Ndinalitsegula chifukwa fungo la salaula linandikwana m'chipinda, ndinafuna lichoke. Ndinapinda malaya ochepa chabe, thukuta linatuluka ngati ndakumba chimbudzi. Mutu unkasokonezeka, ndinkaiwala mulu wa ana ndi uti. Ndinagona pansi pakati pa zovalazo, ndipo ndinakumbukira kapu ya tiyi ija. Sindinawauze Madamu. Ankadziwa kale.

Koma madzulo ba Agnes atalowa anapeza mulu wopinda pampando. Anautenga, mawa lake anapita nawo kumsika. Pobwera anati malaya a buluu agulidwa. Ine ndinadziwa malaya ake, chifukwa anali ndi batani losiyana ndi anzake. Kwinakwake mu Kabwe muno munthu anali atavala chinthu chimene ndinagwira ine. N'zopusa, koma ndinaganiza za iye madzulo onse, ndipo imeneyo inali nthawi yoyamba kuganiza za munthu wina osati ine.

Kuchoka apo zinakwera monga ananenera. Kupinda kunabala kuchapa, panja, Lamlungu titabwera ku Misa, ba Agnes ali pafupi akusankha nyemba. Kenako chitseko chinayamba kusiyidwa chosakhoma m'mawa wokha, bana Chanda, mayi a nyumba yoyandikana, akuponya diso. Kenako simbi yamakala, poyamba ba Agnes atakhala pambali, maso ali pa moto ngati akuyang'anira njoka. Kusita ndinakukonda, sindinama. Chovala chimabwera chokwinyika ngati nkhope ya munthu wokwiya, chimachoka chowongoka, ndipo ukuona wekha kuti wachita ndiwe. Kenako kunyamula thumba mpaka kumsika. Ulendo umenewo ndi waufupi, koma tsiku loyamba maso onse a Katondo anali pamsana panga. Mnyamata wina wa wilibala anakuwa, "Dokota, mwatuluka?" Ndinafuna kutaya thumba n'kubwerera. Ba Agnes anamuyankha mawu amene sindingabwereze m'holo ya tchalitchi.

Musaganize kuti zinayenda mowongoka. Tsiku lina anandituma makala, ndipo miyendo inandifikitsa ku Kamushanga. Ndinabwera wopanda makala, ndikudzandira. M'mawa loko anali pachitseko. Madamu anali atatsala pang'ono kubwerera ku Lusaka ndi ophunzira awo, koma anabwera.

"Mwaona?" anatero ba Agnes. "Mwaona vimene munayambisa?"

"Ndaona. Waterereka pa kutumidwa yekha ndi ndalama. Pa kusita sanaterereke. Munthu akaphonya sitepe imodzi simumukankhira pansi pa masitepe onse. Abwerere pamene anaima bwino."

"Imwe mukamba chabe. Mailo muzakwela basi, ine nizasala naye."

"N'zoona," anatero Madamu. "Ndipo ngati chinachake chitachitika, mudzalira ndinu, ine ndidzangomva pa foni. Sindingakulonjezeni kuti palibe choopsa. Ndikungokuuzani kuti loko nayenso ndi woopsa, amangopha mwakachetechete."

Kenako anatembenukira kwa ine, ndipo sanandinyengerere. Anati mowa ndi mankhwala anga siziyendera limodzi, ndipite kuchipatala ndikanene ndekha zimene ndachita. Anandiuza kuti ndiyambe kubwera kuno Loweruka. Anatikhazika pansi kuti tigwirizane chochita maganizo aja akabwera: ndituluke m'nyumba, ndipite pamene pali anthu, ndiuze munthu ndi pakamwa. Ba Agnes anandigulira kafoni kakang'ono ka mabatani. Loko anachoka, koma anamuika pawindo la pabalaza, pamene ndinkamuona tsiku lililonse.

Inu amene mukudwala, sindikunamizani. Sindinabwerere ku koleji. Ndinapempha, ndikudikirabe yankho, mwina lidzabwera, mwina ayi. Mutale ali pa ntchito, amavala zoyera, ndipo ndikamuona zimandiwawabe. Masiku ena ndimadzuka thupi lili ngati thumba la simenti. Chimene ndaphunzira n'chochepa. Dzukani nthawi imodzimodzi ngakhale palibe wokudikirani. Yalani bedi nokha. Sankhani ntchito yaing'ono kwambiri moti mukuchita nayo manyazi, muichite musanayambe kuifuna, ndipo ikhale yoti wina aigwiritse ntchito. Maganizo oipa akabwera musalimbane nawo muli nokha m'chipinda, amakuposani mphamvu. Ndipo inu a mabenchi a kumbuyo, amayi, alongo, akazi athu, bisani zoopsa, inde. Koma musabise tsache. Musatiyankhire mafunso tili pomwepo.

Ndimalize ndi za maliro a ku Katete, chifukwa ndi pamene nkhaniyi inadulidwa. Azakhali athu, mlongo wa bambo, anamwalira. Ba Agnes ndiwo mkulu wotsala, sakanalephera kupita, ndipo maliro a kumudzi ndi ulendo wake zimatenga pafupifupi sabata. Kunditenga sakanatha, chifukwa tsiku langa lokaonana ndi adokotala linali pakati pomwepo, komanso ine sindinkafuna kukakhala chionetsero cha mudzi wonse. Chichokere kuchipatala ndinali ndisanagonepo ndekha m'nyumba. Ndinawapeza ataima pabalaza, loko ali m'manja. Maganizo awo anali oti bana Chanda asunge kiyi, azinditsegulira pobweretsa chakudya. Apo ayi, akapemphe kuchipatala andisunge pa wodi mpaka abwere.

Anaimbira Madamu, n'kuika foni patebulo kuti tonse timve.

"Ba Madamu, nichite bwanji?"

"Sindine wosankha. Daka ali pomwepo? Mufunseni."

Ba Agnes anandiyang'ana. Ndikuganiza kuti kanali koyamba kundifunsa chinthu chachikulu kuposa zakuti ndakhuta.

"Ndikuopa," ndinatero. "Koma mukandikhomera, mudzandipeza monga munandisiyira chaka chatha. Ndisiyireni sitolo."

"Sitolo yanga? Iwe?"

"Mitengo ndikuidziwa. Bana Chanda azindiona m'mawa ndi madzulo, mankhwala asunge iwo. Ndikapanda kuonekera pamsika, akuimbireni."

Madamu sanatithandize ngakhale ndi liwu limodzi, ndipo ndikuganiza kuti pa zonse zimene anachita, chimenecho chinali chovuta kwambiri. Ba Agnes anatembenuza loko m'manja kwa nthawi yaitali. Kenako anamuponya m'chikwama chawo cha ulendo, anatulutsa makiyi a nyumba ndi a sitolo n'kuwaika patebulo. Sanandipatse m'manja. Anangowasiya pamenepo n'kulowa kuchipinda, ndipo ndinamva akulira motsitsa.

Masiku a msika sanavute. Unyinji wa anthu umakunyamula. Azimayi amakangana nawe mtengo, wina akuti jekete ili lili ndi bowo, wina akufuna ngongole. Lovuta linali Lamlungu masana. Misa inatha, mabanja anabalalika, msika unali wotseka, ndipo ndinalowa m'nyumba yopanda mawu. Ndinakhala pampando wa bambo. Mutu unayamba mlandu wake uja: anzako ali patali, iwe ukugulitsa masiketi, ndipo lero palibe angabwere msanga chifukwa cha mvula. Ndinamva chinthucho chikukwera. Ndinatenga kafoni.

"Madamu, zabwera."

"Uli kuti?"

"Pabalaza."

"Tuluka ndili pa foni pomwe pano. Watuluka? Bana Chanda alipo?"

"Ali pakhonde, akuluka tsitsi la mwana."

"Pita ukawauze monga wandiuzira ine. Ukatero utulutse tebulo panja pamene akukuona. Uli ndi zosita?"

"Thumba lonse."

"Ndiye ukundichedwetseranji? Undiimbire ukamaliza. Zikapanda kutsika, bana Chanda akuperekeze kuchipatala lero lomwe, osati mawa."

Ndinawauza bana Chanda. Iwo anangoti, "Leta tebulo kuno, mwana wanga," n'kusuntha mpando wawo. Ndinakoleza makala, ndinasita pabwalo pawo mpaka dzuwa linapendeka. Bulauzi ina yoyera ya silika, yabwino kuposa zonse m'belo limenelo, ndinaiwotcha pachifuwa. Panatsala chizindikiro cha simbi, chabulauni, chooneka bwinobwino. Ndinaipinda n'kuibisa pansi pa mulu. Chinthu chija chinatsika pang'onopang'ono. Sichinathe, chinangotsika mpaka pamene ndikanatha kudya.

Ba Agnes anafika masana ena, fumbi la ulendo lili m'tsitsi. Sanapite kunyumba, anatsikira kumsika. Ndinawaona akubwera pakati pa matebulo, akuyenda mofulumira, maso akundifunafuna. Atandiona ndikupatsa mayi wina chenji, anaima. Anafika, anaika chikwama pansi, osandikumbatira, osafunsa ngati ndinamwa mankhwala. Anayamba kutembenuza katundu wawo, mulu ndi mulu, monga amachitira aliyense amene anasiyira wina sitolo. Ndipo anaipeza.

Anaikweza m'mwamba.

"Vincent! Ichi n'chani?"

"Simbi inatentha kwambiri, ba sisi."

"Inatentha? Silika amaisita na moto wa nyama? Iyi n'nasungila ba kasitomala ba ku banki! Ndiye wabisa pansi monga sinizaona? Chimutu monga dzungu! Koleji yonse ija, kusita bulauzi imozi chabe wakangiwa!"

Mzere wonse wa salaula unatembenuka. Wa wilibala uja anaima kuti amve bwino. Ba Agnes anapitiriza, anakumba ndi za wailesi ya bambo zomwe, mawu ali pamwamba, chala chili pamphuno panga. Ine ndinangoima. Chichokere tsiku la mvula lija palibe munthu anali atandikalipira. Munthu amene ukuopa kuti afa mawa sumukalipira chifukwa cha bulauzi. Ndinayamba kuseka, ndipo anakwiya kwambiri, anandimenya nayo bulauziyo paphewa.

Madzulo ndinaimbira Madamu n'kuwauza. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati ali ndi mapepala a mayeso oti achonge, omaliza pa moyo wawo wa ntchito, ndisawachedwetse.

Lero sanabwere. Akulongedza mabuku ku Lusaka, ndipo ndikuwadziwa, sakanafuna kumva zonsezi. Ine ndanena zanga. Ba Agnes asanapite pa ulendo uja tinagwirizana kuti adzandilipira sabata imeneyo ngati wantchito aliyense. Ali apo, afunseni. Mpaka lero sanandipatse. Akuti malipiro anga onse anapsera pa bulauzi.